Maliro Opanda Nyimbo

Maganga, Salima
14 Julayi 2024

Wokondedwa mlongo wanga Martin,

Landira moni wochokera kuno kunyanja. Ndikhulupirira kuti kuzizira kwa kudziko la eni, ku Stellenbosch kumeneko, sikunakumalize, ndipo sukulu yako ya ubusa ikuyenda. Ife tilipo. Mpunga tinakolola wochepa chifukwa madzi anadya munda wakumunsi uja. Mwera nawo ukuwomba moti asodzi angokhala pamchenga kusoka maukonde.

Nkhani iyi sindinafune kukuuza pafoni, chifukwa iwe ukayamba kulankhula supereka mpata. Ndi ya bambo. Chimwalirireni amayi mu Epulo muja, bambo sanapondeko kutchalitchi. Poyamba tinkati ndi chisoni, tiwasiye. Koma sabata yatha kunabwera akulu a mpingo awiri, a Samueli Gwaza ndi anzawo, kudzawaona. Bambo anawapatsa mipando bwinobwino. Atawafunsa chimene chawaletsa kupemphera, anayankha mofatsa, ngati akunena za nyengo, kuti Mulungu kulibe. Ine ndinali kukhitchini, mbale inandipulumuka m'manja. Bambo omwewa, amene anakhoma mabenchi onse a m'tchalitchi muja ndi gome lomwe!

Akulu a mpingo awapatsa nthawi mpaka bwalo la pa 13 Novembala, mgonero usanachitike. Akakapanda kubweza mawu awo pabwalopo, adzadulidwa. Tanthauzo lake ukulidziwa. Munthu wodulidwa akamwalira abusa sabwera, amayi a chigwirizano savala zoyera zawo, nyimbo siimbidwa ngakhale imodzi. Bambo ali ndi zaka 71, ndipo mtima wawo uja sunasiye kuvuta. Ndili ndi mantha, Martin.

Iwe ndiye wophunzira za Mulungu pabanja pano, uwalembere. Pafoni samva bwino, ndipo zilembo za pafoni amati ndi nyerere. Ulembe pamanja, ujambule, unditumizire. Ine ndikapita ku boma ndizikasindikiza papepala, mayankho awo ndizikujambuliranso. Ukapeza munthu wobwera kuno, uwapatsireko magalasi owerengera, akale aja anathyoka mwendo.

Ndine mlongo wako,
Ruth

Stellenbosch
21 Julayi 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Ine ndili bwino, kaya inu thupi likuti bwanji? Mankhwala aja mukumwa?

Achemwali andiuza zonse. Musachite manyazi, Bambo, kukayika kunagwerapo ngakhale anthu akuluakulu a Mulungu. Mwamwayi chaka chino taphunzira maumboni osonyeza kuti Mulungu alipo, ndipo phunziro limeneli ndinakhoza kuposa onse m'kalasi. Ndiyamba ndi umene uli pafupi ndi ntchito yanu.

Tiyerekeze kuti mukuyenda pagombe ndipo mwapeza boti lopanda mwini. Matabwa ake ndi opalidwa, misomali ili m'mizere, m'mipata mwamatidwa phula. Ndiye wina akuuzani kuti botilo silinakhomedwe ndi munthu, mafunde ndi amene anasonkhanitsa matabwawo mwangozi. Kodi simungamuseke? Inu amene mwakhoma maboti zaka makumi anayi mukudziwa kuti ngakhale thabwa limodzi silidzipinda lokha.

Tsono yang'anani diso la nkhwazi, limene limaona nsomba pansi pa madzi iyo ili m'mwamba. Yang'anani njere ya mpunga, imene imadziwa kotumiza muzu ndi kotumiza tsamba popanda woiuza. Dzuwa likanakhala pafupi pang'ono tikanapsa tonse, likanakhala patali nyanja yathu ikanauma gwa ngati mwala ndi kuzizira. Zonsezi n'zopangidwa mwaluso kuposa boti. Ngati boti lili ndi mmisiri, dziko lingakhale bwanji lopanda mmisiri?

Muwerenge mofatsa, kawiri ngati n'kotheka. Maumboni ena alipo, ndizitumiza umodziumodzi kuti musatope. Sindikukayika kuti pofika Novembala nkhaniyi idzakhala itatha.

Mwana wanu,
Martin

Maganga
11 Ogasiti 2024

Mwana wanga Martin,

Moni. Kalata yako ndalandira ndipo ndawerenga kawiri monga unalamulira. Magalasi sanafike, ndabwereka a amalume ako a Ayub. Mankhwala ndikumwa, Ruth amandiimirira ngati wapolisi.

Za boti walemba bwino. Kungoti phula sitimata pamipata yopanda kanthu, timayamba tatsenderamo thonje. Ukanamakhala pafupi ndikamagwira ntchito, m'malo mothawira m'mabuku, ukanadziwa.

Ndikuuze za boti lina. Chaka chimene unabadwa iwe, mmisiri wina wa ku Khombedza anakhoma boti lokongola kwambiri, la utoto wobiriwira, anthu ankaima kuliyang'ana. Aliyense woliona ankadziwa kuti lili ndi mmisiri. Koma matabwa ake anali aawisi, ndipo mwini wakeyo ankadziwa. Linamira ndi anthu atatu, mmodzi ndinamukhomera bokosi ndine. Boti limakuuza kuti mmisiri alipo. Silikuuza kuti mtima wake ndi wotani.

Maumboni otsalawo usavutike nawo, usunge inki ya mayeso. Uzivala juzi. Kodi kumeneko nsomba zimapezeka, kapena ukungodya buledi?

Bambo ako,
Jameson Kamzimbi

Stellenbosch
18 Ogasiti 2024

Okondedwa Bambo,

Moni. Kalata yanu yandisangalatsa kwambiri, ndinaiwerengera mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Mwina simunazindikire, koma mwavomera kale kuti boti limasonyeza kuti mmisiri alipo. Theka la ulendo tayenda. Nsomba zilipo koma ndi za m'nyanja yamchere, sizifika pa chambo.

Umboni wachiwiri ndi uwu. Mukukumbukira mmene munkanditengera ku siteshoni ya Salima kukaona sitima ya katundu? Bogi lililonse limayenda chifukwa likukokedwa ndi limene lili kutsogolo kwake. Koma ngakhale mabogi atakhala chikwi, popanda mutu wa sitima palibe limene lingasunthe. Dziko lili chimodzimodzi. Ine ndinachokera kwa inu, inu kwa agogo, agogo kwa makolo awo. Mlombwa unachokera ku njere, njere ku mlombwa wina. Chilichonse chimene tikuchiona chinayambitsidwa ndi chinzake. Mzere umenewu sungakhale wa mabogi okhaokha. Kutsogolo kwenikweni kuyenera kukhala wina amene sakokedwa ndi aliyense koma amakoka zonse. Ameneyo ndi amene timamutcha Mulungu.

Za boti lomira lija, imeneyo ndi nkhani ya chifukwa chake padziko pali mavuto. Ndi funso labwino, ndipo tiliphunzira temu ikubwerayi. Ndikaliphunzira ndidzakuyankhani mokwanira. Panopa tiyambe tagwirizana kuti Mulungu alipo.

Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu,
Martin

Maganga
22 Sepitembala 2024

Abusa a mawa,

Moni wa kuno. Tonse tili bwino, kutentha kwayamba. Magalasi afika ndi dalaivala wa thiraki amene unamupatsira uja, zikomo, ngakhale bambo akuti akuwaonetsa makwinya a anthu kuposa zilembo.

Wandifunsa katatu pafoni chifukwa chake bambo sakuyankha. Inenso sindidziwa. Kalata ya sitima ija anaiwerenga atakhala pakhonde, nthawi yaitali, kenaka anaipinda n'kuiika m'bokosi la zipangizo. Tsiku limenelo sanagwire sowo kapena nyundo. Nditawafunsa ngati ali ndi yankho loti ndijambule, anangoti mwanayo ndi wanzeru.

Masiku ano amakonda kupita kwa amalume a Ayub, ndipo anthu ayamba kunena kuti akufuna kulowa Chisilamu. Ndinapita kukawafunsa amalume maso ndi maso. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti alamu awowo mumzikiti sanapondemo, amangobwera kudzawathandiza kukonza boti, akatero amapita okha kumanda kukakhala pang'ono. Akuti, "Wallahi, munthu amene uja ndi Mkhristu wouma ngati mlombwa, ngakhale iye mwini akukana."

China chimene chikundidabwitsa ndi ichi. A Samueli anabweranso Lachiwiri. Bambo atangowaonera patali, anazungulira kuseri kwa nyumba, sanatuluke mpaka mlendo atapita. Bambo sathawa munthu. Galu wamkota sakandira pachabe, pali china chimene ife sitikuchidziwa. Tsiku la maliro ine kumanda sindinafikeko, paja kwa Asilamu, kwawo kwa amalume, akazi sapita kumanda, ndiye zimene zinachitika kumeneko sindinazione.

Makalata ako ndimawerenga ndikamasindikiza, usakwiye. Ndi anzeru ndithu, koma amanunkha mayeso. Masabata atsala asanu ndi awiri, Martin.

Mlongo wako,
Ruth

Stellenbosch
29 Sepitembala 2024

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndadikira yankho lanu mwezi ndi theka. Nthawi yatha, ndiye mundilole ndilankhule mosapita m'mbali.

Tinene kuti maumboni awiri aja sanakukhutiritseni. Ganizirani chonchi. Mukakhulupirira, ndiye n'kupezeka kuti Mulungu kulibe, simunataye kanthu, mwangokhala moyo wabwino. Koma mukakana, ndiye n'kupezeka kuti alipo, mwataya zonse, ndipo mukudziwa kuti okana amapita kumoto wosazima. Msodzi wanzeru akaona mtambo wokayikitsa sanena kuti mwina si mphepo, amakokera bwato kumtunda.

Ndikupempha, pitani kubwalo mukabweze mawu aja. Simutaya kanthu.

Mwana wanu amene amakukondani,
Martin

Maganga
20 Okutobala 2024

Martin,

Moni. Ndili bwino. Mango ayamba kupsa.

Walemba makalata atatu, ndipo mwa onsewo dzina la amayi ako mulibe. Sunandifunsepo mmene tinawaikira. Ndikuuza ngakhale sunafunse.

Amayi ako anatisiya m'mawa, tiyi ali pamoto. Pasanathe ola amalume ako anafika n'kunena kuti maliro ndi awo, ndipo aika tsiku lomwelo ikatha swala, pemphero lawo la masana. N'chifukwa chake sitinakudikire. Sindinatsutse. Zuleka ndinamukwatira ali Msilamu, ndipo anakhala Msilamu zaka 44 m'nyumba mwanga. Ankafunga mwezi wake wosala kudya, Loweruka n'kundisitira malaya a kutchalitchi. Iwe amene, anali kukudzutsa ndi kamtengo kuti usachedwe ku Sande sukulu.

Ine ndakhomera mabokosi anthu osawerengeka m'dera lino, ena usiku wonse osagona. Koma mkazi wanga sanafunike bokosi, kwawo amakulunga m'nsalu yoyera basi. Ndinangokhala pansi, manja ali lende, osadziwa powaika. A Ayub anandiona. Anabwera n'kundiuza kuti m'manda mwawo amakumba kachipinda cham'mbali, amagoneka munthu m'menemo, n'kutseka ndi matabwa kuti dothi lisamugwere. Anati, "Alamu, mmisiri ndinu. Matabwawo dulani ndinu." Ndinatenga mlombwa umene ndinkasungira chitseko, ndinadula matabwa asanu ndi awiri, ndinawapala mbali zonse, ngakhale ndinkadziwa kuti dothi siliona kusalala. Kumanda ndinapita nawo, ndipo matabwawo ndinawapereka ndi manja anga.

A mpingo wathu anabwera ochepa, anakhala pansi pa mtengo wa mango, sanaimbe. Sindinawadandaule, maliro sanali awo. Koma pobwera kumanda a Samueli anandigwira dzanja, misozi ili m'maso, n'kundiuza kuti, "Pepani a Kamzimbi. Chowawa n'chakuti mayiwa apita asanalandire Ambuye. Kumene apita oterewa mukukudziwa, ndi kumoto, ndipo palibenso chimene tingachite." Sananene mwankhanza. Ankandipepesa. Munthu amene wadya mpunga wa Zuleka kambirimbiri pamene tinkamanga tchalitchi.

Mawu amenewo ndinayenda nawo miyezi itatu. Ndinkati ndikakweza kapu ya tiyi, ndimaganiza kuti panopa Zuleka akupsa. Ndikagwira sowo, Zuleka akupsa. Ndiye tsiku lina ndinaona kuti njira ilipo. Ngati Mulungu alipo, ndipo ali monga a Samueli anenera, mkazi wanga ali pamoto lero, mawa ndi mpaka kale. Ngati kulibe, wangogona chammbali kuseri kwa matabwa anga, palibe akumuvutitsa. Ndinasankha kuti kulibe. Tsiku limenelo ndi limene ndinayamba kumva kukoma kwa chakudya.

Kalata yako ya sitima sindinaiyankhe chifukwa ndinalibe choyankha. Mutu wa sitima uyenera kukhalapo, ndikuona. Ndiye dziwa chimene wakhala ukuchita, mwana wanga. Umboni uliwonse umene unkanditumizira, kwa ine unali nkhuni zosonkhezera pamoto wa amayi ako. Tsopano motowo wautchula wekha, ndipo ukuti ndikakhulupirira sinditaya kanthu. Nditaya Zuleka.

Sindikukwiyira. Unkafuna kundipulumutsa ndi zipangizo zimene uli nazo. Koma poti ndiwe wokhoza kuposa onse m'kalasi, ndiyankhe funso limodzi lokha, ndipo usandiuze kuti muphunzira temu ikubwerayi. Amayi ako ali kuti?

Bambo ako,
Jameson Kamzimbi

Stellenbosch
11 Novembala 2024

Bambo,

Moni. Kalata yanu ndakhala nayo masabata atatu. Ndalemba mayankho anayi, onse ndang'amba. Achemwali andiimbira kangapo, foni sindinayankhe chifukwa cha manyazi.

Ndikhululukireni. Dzina la amayi sindinalilembe chifukwa funso lanulo inenso ndinali nalo, ndipo ndinkaliopa. Tsiku limene munkadula matabwa ine ndinali m'chipinda muno ndi foni m'manja, opanda ngakhale dothi loti ndiponye. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga ngati wamisala. Mabuku anali pobisalira panga, ndipo ndinkafuna kukukokerani momwemo.

Yankho langa ndi ili: sindikudziwa. Koma a Samueli nawonso sakudziwa. Ine ndimakhulupirira kuti wopulumutsa ndi Yesu, ndipo sindisintha. Koma mndandanda wa anthu amene dzanja lake lawafikira, ndi mmene lawafikira, sanaupereke kwa mkulu wa mpingo aliyense, ngakhale kwa aphunzitsi anga kuno. A Samueli anaweruza mlandu umene si wawo. Inenso m'kalata yanga yomaliza ndinachita chimodzimodzi kwa inu.

Pali umboni wina umene ndinkausungira kumapeto. M'kalasi unali wouma, ndauona wamoyo m'kalata yanu. Inu mukudziwa ndi thupi lanu lonse kuti kuotcha amayi kungakhale kuipa. Simukuganizira chabe, mukudziwa, mpaka mwalolera kudulidwa ndi kuikidwa opanda nyimbo kusiyana n'kuti muvomereze zimenezo. Kudziwa kumeneku munakutenga kuti? Ngati kulibe Mulungu, ndiye ndi kamvedwe chabe ka m'thupi, konga chilungulira, kopanda choonadi chilichonse. Koma inu mukudziwa kuti n'koona. Ine ndikuti chifundo chimene muli nacho pa amayi simunachipange nokha, munapatsidwa. Ndipo amene anakupatsani sangakhale nacho chochepa kuposa inu. Sindikhulupirira kuti Jameson Kamzimbi amakonda Zuleka kuposa amene anamulenga Zulekayo.

Sindikukuuzani zoti mukanene kubwalo, mukanene zimene zili mumtima mwanu. Ndikubwera mu Disembala. Ndikupempha mudzanditengere kumanda, mukandionetse pamene amayi agona. Mufunse amalume ngati n'kololedwa.

Mwana wanu,
Martin

Maganga
18 Novembala 2024

Mwana wanga Martin,

Moni. Mvula yoyamba yagwa Lachisanu, anthu ali kalikiliki kudzala.

Bwalo linakhala Lachitatu. Ndinapita, chifukwa woitanidwa sakana. Anandifunsa ngati ndikubweza mawu anga, ndinati sindinganame pamaso pawo. Andidula. Kalata yako inafika pafoni ya Ruth Lolemba, koma ku boma kunalibe magetsi, ndiye pepala ndinaligwira Lachinayi. Ruth anafuna kundiwerengera pafonipo bwalo lisanafike, ine ndinakana, ndinkayesa ndi sitima ina. Usadziimbe mlandu. Kaya ndikanayankha zina, kaya zomwezo, madzi akatayika saoleka.

Iyi ndiye kalata ya mwana wanga, zina zija zinali za sukulu. Sindikuti wandigonjetsa. Ndaiwerenga kasanu ndipo ndikuifunafunabe mpata wolowera madzi, sindinaupeze. Mawu ako akuti sindikudziwa andithandiza kuposa onse amene unalemba chiyambire Julayi.

Dzulo ndinapita kutchalitchi. Ndinakhala pa benchi yomaliza pafupi ndi khomo, pamene pamakhala odulidwa. Nyimbo sindinaimbe. Nthawi ya pemphero ndinangoti, ngati muli monga akunenera Martin, mundisungire Zuleka. Ndi mawu oyamba amene ndalankhula ndi Mulungu chiyambire Epulo.

Ndawauza abusa kuti ndilowa kalasi ya obwerera. Ndi miyezi isanu ndi umodzi, pamodzi ndi anyamata opereka mimba ndi amayi awiri otcheza kachasu. Wophunzitsa ndi a Samueli. Mafunso anga ndawakonzera kale, adzatuluka thukuta.

Amalume ako avomera, akuti udzavale buluku lalitali. Ubwere ndi mankhwala a mano, lakumanzere likundivuta.

Ruth akulirabe. Akuti mtima wangawu ukandigwetsa miyezi isanu ndi umodziyo isanathe, ndidzapita wopanda nyimbo. Umuuze iwe, poti ine sandimvera, kuti asalire. Amayi ako anapita choncho, ndipo ngati zimene walembazi n'zoona, kumene anafikako sanawafunse za nyimbo.

Bambo ako,
Jameson Kamzimbi